Ndodo Imodzi, Madzi Osadziwika

Ku Chimaliro, monga m'madera ambiri a boma la Thyolo, nsomba imene imafika m'mbale kawirikawiri imakhala youma ndiponso yochokera kutali: usipa wa ku Mangochi, matemba a ku Chilwa, zogula pamulu pamsika wa Goliati kapena wa Luchenza. Komabe madzi alipo. Pakati pa minda ya tiyi pali madamu amene eni esiteti anatseka kuti azithirira mbewu m'chilimwe, ndipo ena mwa madamu otere kumapiri a kummwera kuno muli nsomba yachilendo yotakata kukamwa yotchedwa bass. Kwawo kwa nsombayi ndi ku North America. Inafika ku South Africa mu 1928, ndipo Azungu okonda kuwedza anaifalitsa m'madamu a mayiko a kuno, osati chifukwa cha njala koma chifukwa cha ukali wake ikakodwa pa mbedza. Munthu amene wapeza chilolezo chowedza pa damu lotere, kaya ndi kalaliki wa pa esiteti, mphunzitsi wa pulayimale kapena wophunzira wa pa yunivesite ya MUST ku Ndata, amakumana ndi funso looneka lachibwana: agule ndodo yotani, poti ndalama ilipo ya ndodo imodzi yokha? M'kati mwa funso limeneli mwabisala lina lakale kwambiri, limene anzeru anakangana nalo zaka zoposa 2,000 zapitazo. Kodi chinthu chabwino ndi chimene chimapambana pa ntchito imodzi, kapena chimene chimakwanira pa ntchito zambiri? Ine ndili kumbali ya chokwanira, ngakhale kuti mbali inayo ili ndi mboni zolemera.

Ndodo yowedzera imayesedwa pa zinthu zitatu: kutalika, mphamvu, ndi malo amene imapindikira ikalemedwa. Yaitali imaponya patali koma imakodwa m'nthambi za bulugamu wa m'mphepete mwa damu. Yaifupi imalunjika bwino koma siifika pakati pa madzi. Yolimba kwambiri imazula nsomba m'udzu wowirira wa m'madzi, koma siitha kuponya kanyambo kopepuka. Yofewa imaponya kanyambo kotero bwinobwino, koma ilibe msana wolowetsera mbedza m'chibwano cholimba cha bass. Zopangira nazo zili ndi mkangano wake. Ndodo za fibreglass, zimene zinafala kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndi zopirira koma zolemera ndiponso zogontha, sizifikitsa msanga uthenga wa pansi pa madzi kudzanja. Za graphite, zimene kampani ya Fenwick inatulutsa mu 1973, ndi zopepuka ndipo zimamva ngakhale nsomba ikangonyambita nyambo, koma zikagundika pamwala zimasunga bala ndipo zimadzathyoka tsiku lina mosayembekezereka. Palibe ubwino umene ndodo imapeza osataya ubwino wina. N'chifukwa chake owedza bass ambiri akafunsidwa za ndodo imodzi yokha amaloza yapakati: yotalika pafupifupi mamita 2.1, yolembedwa medium kapena medium heavy pathunthu pake, yopindikira kunsonga kokha, yotha kuponya nyambo za magalamu 7 mpaka 21. Ndodo imeneyi siiposa inzake pa ntchito iliyonse. Imangokhala kuti palibe ntchito imene imaikaniratu.

Mdani wamkulu wa ndodo yotereyi si wogulitsa m'sitolo ya ku Blantyre ayi, ndi Aristotle. M'buku lake lonena za ndale, iye ananyoza kampeni kena kamene amisiri a ku Delphi ankasula kuti kazigwira ntchito zingapo. Kwa iye kampeniko kanali chizindikiro cha umphawi ndi kuumira. Chilengedwe, iye anati, sichichita zotero, chimapanga chinthu chimodzi kaamba ka ntchito imodzi, ndipo chida chimafika pachimake chikamatumikira cholinga chimodzi. Mphunzitsi wake Plato anamanga mzinda wake wa m'maganizo pa mfundo yofananayo, yakuti munthu aliyense agwire ntchito imodzi imene anabadwira. Adam Smith mu 1776 anaonetsa kuti anthu ochepa akagawana ntchito yopanga mapini, wina kuwongola waya, wina kudula, wina kusongola, amatulutsa mapini ochuluka koposa mmene aliyense akanachitira payekha. Makolo athu nawo anachenjeza kuti mapanga awiri avumbwitsa. Akatswiri a mipikisano ya bass ku America amatsatira chiphunzitso chimenechi mpaka kumapeto: m'boti mwawo amandandalika ndodo khumi kapena kuposerapo, iyi ya nyambo yonga chule, iyo ya nyambo yonga nyongolotsi, ina ya nyambo yomira. Ndipo amagwiradi nsomba. Palibe chifukwa chokanira zimenezi. Pa ntchito imodzi yodziwika, m'madzi odziwika, chida cha ntchito imeneyo chidzapambana nthawi zonse.

Koma mawu akuti yodziwika ndi amene anyamula katundu yense wa mfundoyo. Chida cha ntchito imodzi chimakhala changwiro pokhapokha mwini wake akudziwiratu chimene akakumane nacho. Katswiri wa mpikisano amadziwiratu, kapena amagula kudziwako: ali ndi makina oonera pansi pa madzi, ali ndi masiku oyeserera, ndipo pamene sakudziwa amatseka mpatawo ndi ndodo ina. Munthu wa ku Chimaliro amadzuka Loweruka osadziwa ngati chiperoni chigwa, chimene chimaziziritsa madzi ndi kutsitsira bass pansi pomwe imadya monyinyirika. Sadziwa ngati damu laphwera chifukwa cha kuthirira, ngati mvula ya dzulo yavundula madzi, kapena ngati mlonda amuloza mbali ya miyala m'malo mwa mbali ya bango. Boma la Thyolo lenilenilo ndi buku lotsegula pa nkhani imeneyi. Munda wa esiteti ndi Aristotle wobzalidwa pansi: mbewu imodzi, mizere yofanana, munthu mmodzi ntchito imodzi, dzanja lothyola masamba awiri ndi kansonga kuyambira m'mawa. Umabala modabwitsa, koma kumbuyo kwake kuli damu, feteleza, fakitale, banki ndi msika wa kunja, zonse zogwira ntchito yoti mawa lifanane ndi lero. Kutsidya kwa msewu kuli kamunda ka mayi kosakwana ekala, mmene chimanga, nandolo, chinangwa, maungu ndi kalongonda zikukhalira limodzi. Palibe mbewu imene ikubala pachimake, koma chaka sichitha banja lisanakolole kanthu. Amene akuona ngati uku ndi kusatukuka akumbukire zimene zinachitikira alimi a nthochi a boma lomwe lino pamene matenda a chisaka anafika: mabanja amene moyo wawo unatsamira pa mbewu imodziyo anazula minda yonse ndi manja awo.

Apa ndi pamene funso la ndodo limasanduka la chipembedzo. Malemba samuona munthu ngati mwini wa mawa. Kalata ya Yakobo imadzudzula amalonda amene amakonza za chaka chonse ngati kuti tsiku lotsatira lili m'thumba mwawo. Nkhani ya mana m'chipululu imanena za chakudya chimene chinkaperekedwa cha tsiku limodzi, ndipo amene anasunga chochuluka anachipeza chitagwa mphutsi. Chisilamu nacho chimaletsa kumwaza chuma ndipo chimayamikira njira yapakati. Zonsezi sizikutanthauza kuti kukonzekera ndi tchimo. Zikutanthauza kuti pali kukonzekera kwa mitundu iwiri. Wina amakonzekera poyesa kuwerenga zonse zimene zingachitike ndi kugulira chilichonse chida chake. Ameneyu samaliza, chifukwa zochitika sizitha, ndipo sitolo imadziwa kuti samaliza. Wina amakonzekera povomera kuti sangadziwe, n'kusankha chida chimene chidzamuperekeza kulikonse kumene tsiku lingamutengere. Aristotle ananena zoona za chida, koma analakwa za munthu wochigwira, pakuti anayesa ungwiro ndi maso a amene amaona zonse. Ndipo sitiyenera kuiwala chimene ankafuna kutsimikiza ndi fanizo la kampeni lija: ankafotokoza kuti mkazi ali ndi malo ake ndipo kapolo ali ndi malo ake mwachibadwa. Chiphunzitso chakuti chilichonse chili ndi ntchito imodzi sichichedwa kuchoka pa zida n'kukakhala pa anthu, ndipo dziko la tiyi likuidziwa njira imeneyo.

Palinso funso lakuti luso limakhala kuti. Amene ali ndi ndodo khumi, vuto likabwera amasintha ndodo. Amene ali ndi imodzi amasintha dzanja. Nyambo yokhala ndi mbedza za mano atatu imafuna ndodo yofewa kuti nsomba ikadumpha isang'ambe mlomo n'kuthawa. Wa ndodo imodzi amaphunzira kumasula pang'ono chokulungira chingwe ndi kutsitsa nsonga nthawi yake. Nyambo yopepuka ikakana kupita patali amaphunzira kuyandikira mwakachetechete ndi kuponya motsatira mphepo. Zimene wolemera wasungitsa m'zida, uyu wazisunga m'thupi, ndipo za m'thupi sizibedwa pa depoti kapena kuthyoledwa ndi chitseko cha minibasi. N'zochititsa chidwi kuti m'Mauthenga Abwino, amene ali odzaza ndi makoka ndi ngalawa, malo amodzi okha ndi amene munthu akutumidwa kukaponya mbedza: Petro, amene akuuzidwa kukagwira nsomba imodzi yolipirira msonkho wa kachisi wa anthu awiri. Sindikufuna kumanga chiphunzitso pa kankhani kamodzi, koma muyeso wake ndi woonekera. Chida chinali chaching'ono molingana ndi chosowacho, ndipo chinaperekedwa kwa munthu wodziwa kale madzi.

Wina adzati zonsezi ndi njira yaulemu yotamandira katundu wotchipa, pamene aliyense amene anagulako nsapato za pulasitiki akudziwa kuti chotchipa chimadula. Chotsutsa chimenechi n'choona, koma chikulasa pena. Kuyenera mtengo si kutchipa. Ndodo yotsikitsitsa mtengo, yokhala ndi mphete zachitsulo chopanda kanthu m'kati zimene zimakumbika ndi chingwe n'kuyamba kuchidula, yokhala ndi pomangira chokulungira pamene pamagwedera pakatha mwezi, ndi yodula chifukwa idzagulidwa kawiri. Yokwera mtengo kwambiri nayo ili ndi bodza lake. Kuchoka pa ndodo yoipa kufika pa yabwino, kusiyana kumamveka m'dzanja la aliyense; kuchoka pa yabwino kufika pa yapamwamba, ndalama zimachuluka kangapo pamene chowonjezekacho ndi magalamu ochepa ochotsedwa, ndipo graphite ikamapepuka kwambiri imakhalanso yosachedwa kusweka. Smith yemwe uja anasiyanitsa phindu la chinthu pochigwiritsa ntchito ndi mtengo wake pamsika, ndipo anapereka chitsanzo cha madzi ndi dayamondi. Phindu la ndodo ndi masiku amene idzakhale pamadzi. Kampani ya Shakespeare inatchuka kuyambira 1976 ndi ndodo ya Ugly Stik, yosakaniza graphite ndi fibreglass, imene akatswiri amaiseka kuti ndi yolemera ndi yogontha. Koma kwa munthu amene ayenera kukwera kabaza pamsewu wafumbi, amene ikathyoka adzadikira m'bale wa ku Joni kuti abweretse ina pa Khirisimasi, kupirira kumeneko ndi mbali ya ubwino. Pa chifukwa chomwecho ndodo yolumikiza pawiri, imene akatswiri amati imataya kumva pang'ono, ndi yoyenera kuno kuposa ya thunthu limodzi imene kondakitala adzaipinda kuti chitseko chitsekeke.

Chotsutsa chowawa kwambiri n'chochokera kwa anthu a dera lomweli. Kodi si chipongwe kukamba za kukwanira ndi ndodo imodzi pamalo pamene mayi amalipidwa potengera makilogalamu a masamba amene wathyola, ndipo mtengo wa ndodoyo ndi ndalama ya feteleza kapena fizi ya mwana? Malo amene pali madamuwa anachoka m'manja mwa mafumu m'zaka za m'ma 1890, pamene boma la Harry Johnston linkapereka zikalata zotsimikiza umwini kwa atsamunda. Pambuyo pake panabwera thangata, ndipo Alhomwe ambiri amene anawoloka kuchokera ku Mozambique anakhala pamalo a eni ake polipira ndi thukuta. Mpaka lero boma lino ndi limodzi mwa othinana kwambiri m'dziko, ndipo njala ya malo siinathe. M'mbiri yotere, ulaliki wa kukhutira ndi zochepa wagwiritsidwapo ntchito ngati chingwe chomangira pakamwa. Ndikuvomera zonsezi, ndipo ndikuti kukhutira kumene wokhuta amalalikira wanjala si ukoma, ndi ulonda wa katundu wake. Koma pemphero la Aguri m'buku la Miyambo limakana zinthu ziwiri, umphawi ndi chuma, ndipo limapereka chifukwa pa chilichonse: wosauka angabe, wokhuta angaiwale Mulungu. Ndiye kuti kukwanira kuli ndi pansi pake. Amene ali kunsi kwa mzere umenewo safunika phunziro la kudziletsa, afunika malo, malipiro ndi chipata chotseguka. Mfundo ya ndodo imodzi ikulankhula kwa amene wangodutsa mzerewo, amene foni yake yayamba kumuonetsa pa Facebook ndi YouTube anthu a ku Texas ndi maboti awo, n'kumunong'oneza kuti sanayambe kuwedza. Ameneyo ndi amene ali pangozi yoyesa moyo wake ndi muyeso wa dziko lina. Mnyamata wa nsungwi ndi nyongolotsi amene amagwira mlamba mumtsinje sitimupanga woyera. Nsungwi siiponya kutali, ndipo atapatsidwa ndodo ya m'sitolo angailandire ndi manja awiri. Koma iye ndi umboni wakuti nsomba imagwidwa ndi kudziwa madzi ndodo isanalowererepo.

Chatsala ndi chotsutsa chimene chimandivuta koposa, chifukwa chikuchokera m'chilengedwe chenicheni. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse yamadzi opanda mchere, ndipo n'chifukwa chake bungwe la UNESCO linaika malo otetezedwa a ku Cape Maclear pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984. Ulemerero umenewo ndi wa akatswiri a ntchito imodzi: mbuna zopala ndere pamiyala, nsomba zodya mamba a zinzake, kaligono amene amagona pamchenga ngati wafa kudikira tiana ta nsomba. Pamene bass ndiye mwini ntchito zambiri: imadya nsomba, achule, nkhanu, tizilombo, chilichonse chokwana kukamwa. Ndipo kusasankha kumeneku ndi kumene kwaiika pa mndandanda wa zamoyo 100 zowononga kwambiri zikalowa kwachilendo. Itaikidwa m'nyanja ya Atitlán ku Guatemala mu 1958, inathandiza kutheratu kwa mbalame ina ya m'madzi imene sinkapezeka kwina kulikonse. Kodi pamenepa Mlengi sakuvotera Aristotle? Yankho lili pawiri. Loyamba n'lakuti ukatswiri wa mbuna unakula m'nyanja yaikulu ndi yakale, pamiyala imene imakhala momwemo mibadwo ndi mibadwo, ndipo madzi akasintha ndi akatswiri otere amene amayamba kutha, monga zinachitikira ku Nyanja ya Victoria nsomba yolusa ya Nile perch itaikidwamo m'zaka za m'ma 1950. Ngakhale zili choncho, wasayansi Karel Liem anaona mu 1980 kuti nsomba za banja la mbuna, zokhala ndi kamwa zopangidwira chakudya chimodzi, zimadya zina zambiri zikapezeka mosavuta. Lachiwiri n'lakuti kutha zambiri ndi kufuna zonse ndi zinthu ziwiri zosiyana. Bass imachulukitsa zimene ingameze. Ndodo imodzi imachepetsa zimene mwini wake ayenera kukhala nazo, ndipo imamuikira malire amene amawadziwa: pali ngodya ya damu yowirira udzu imene nsomba yaikulu idzamudulira chingwe, ndipo iye amadziwa kuti mtengo wa kusankha kwake ndi umenewo.

Kusiyanitsa kumeneku kumafika mpaka pa nsomba ikatuluka m'madzi. Ray Scott, amene anayambitsa bungwe la owedza bass la B.A.S.S. ku America mu 1968, anafalitsa mwambo wobwezera nsomba m'madzi kuyambira 1972, ndipo kwawo kwa nsombayo mwambowu uli ndi nzeru. Koma mwambo nawo ndi chida cha ntchito imodzi, sugwira paliponse. Ku Japan, pa Nyanja ya Biwa pamene Manabu Kurita anagwira bass ya makilogalamu 10.12 mu 2009 n'kufanana ndi bass yolemera koposa imene George Perry anagwira mu 1932, akuluakulu a chigawo cha Shiga analetsa kubwezera bass m'madzi kuyambira 2003 pofuna kuteteza nsomba za komweko. Ku Thyolo, kumene ndiwo ya nsomba yaiwisi ndi ya apo ndi apo, kuponyanso m'madzi nsomba ya makilogalamu awiri anthu akuyang'ana kumafuna chifukwa chomveka, monga lamulo la eni damu losunga zoswana. Popanda chimenecho, malo ake ndi mumphika. Ndi nsomba ya mamba ndi zipsepse, kotero ngakhale a Seventh-day Adventist, amene mishoni yawo ya Malamulo yakhala ku Makwasa kuyambira 1902 ndipo sakhudza mlamba, angathe kukhala nawo pamphasa. Choletsedwa chenicheni ndi chidebe chonyamulira nsomba zamoyo kupita kumadzi ena. Lamulo la zausodzi la 1997 linaletsa kusamutsira nsomba zachilendo m'madzi ena popanda chilolezo, ndipo mitsinje ya dera lino imatsikira mu Thuchila ndi Ruo, ndipo Ruo amakumana ndi Shire pa Chiromo, pafupi ndi madambo a Elephant Marsh amene nsomba zake, monga mlamba, zimadyetsa midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje.